Kompyuta Yolankhula ya Mayi Fyness

Mayi Fyness Nyirenda a ku Chiputula anasiya kuona ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, atadwala chikuku. Sukulu sanaisiye. Analimbikira mpaka kukhala mphunzitsi wa ana osaona, ntchito imene anaigwira mpaka imvi.

Atangoyamba ntchito, sukulu yawo inalandira kompyuta yachikale yochokera kunja, yokhala ndi kachipangizo kolankhula m'kati mwake. Akatayipa liwu, iyo inkalitchula ndi mawu a m'mphuno ngati munthu wachimfine. Mayi Fyness anaipatsa dzina loti Solomon. Zonse zimene ankalemba ankazisunga pa madisiki, ndipo kompyutayo itafa, madisikiwo anawatsekera m'chitini cha mabisiketi.

Zaka zinapita. Amuna awo, a Gideon, anamwalira, iwonso anapuma pa ntchito. Tsiku lina anapereka chitini chija kwa mlamu wawo Fyson, mng'ono wa malemuwo, amene amakonza makompyuta m'tauni.

Fyson anavutika nawo madisikiwo, koma anakopera zonse. Kenako anapeza pulogalamu imene imachititsa kompyuta yatsopano kugwira ntchito ngati yakale ija. Malemba anatuluka bwinobwino, koma mawu kunali zii.

"Alamu, zonse zaoneka," anatero Fyson. "Ndikuwerengereni?"

"Yewo chomene, alamu, koma ayi. Andiwerengere Solomon mwini wake."

Fyson anafotokoza kuti pulogalamuyo imatsanzira chilichonse kupatula kachipangizo kolankhula kaja. Mayi Fyness anangoti, "Ndiye auzeni amene anaipanga pulogalamuyo."

Fyson anawalemberadi pa intaneti. Iwo anayankha kuti akufuna kudziwa mtundu wa kachipangizoko. Fyson anapita kusukulu kuja, nakapeza kompyuta yakufayo m'chipinda chosungiramo katundu, mphemvu zitamangamo mudzi. Anaitsegula, anajambula kachipangizoko n'kutumiza zithunzi. Panapita miyezi isanu, ndipo Lamlungu lililonse potuluka m'tchalitchi Mayi Fyness ankamufunsa kuti, "Kodi mnzanga uja wadzuka?"

Loweruka lina masana, kukuwaza kamvula, Fyson anafika ndi laputopu kukhwapa. Opanga pulogalamu aja anali ataikonza kuti izitsanziranso kachipangizo kolankhula kaja. Anaiika patebulo, anatsegula cholembedwa choyambirira pa zimene anakopera zija n'kudina batani. Mawu a m'mphuno aja anamveka: "Wokondedwa Gidiyoni, ndakusowa chomini."

Mayi Fyness anawomba m'manja, kuseka mpaka misozi.

"Ndi yemweyo! Chomini! Zaka zonsezi Chitumbuka chikumukanikabe!"

Inali kalata imene analembera a Gideon ali pa chibwenzi. Kompyuta inapitiriza kuwerenga, ndipo itafika pa chiganizo chachitatu mayiwo anatambasula dzanja.

"Imitsani, alamu. Ndionetseni podina, ndiye inu mukakhale kaye pakhonde. Izi si zoti amve mlamu."

Fyson anawagwira chala n'kuchiika pa batanilo, natuluka akumwetulira. Anakhala pakhondepo ola lathunthu, akuzizidwa, mpaka anamva akumuitana kuti adzamwe tiyi.