Mazira a Mchere a Mayi Mwanamisi

A Mwanamisi anabadwira ku Ndirande ndipo anakwatiwa komweko. Bambo awo anali telala, ndiye iwonso anakula akupalasa makina, kusoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde la nyumba yawo kumtunda kwa msika. Amuna awo, a Hafizi, ankakhoma mbaula, ndowa ndi ziwaya m'kashedi kamalata pafupi ndi siteji ya minibasi. Anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo khutu lawo limodzi linagontha chifukwa cha phokoso la hamala. Anabereka ana awiri, Majidi amene amayendetsa thiraki yopita ku Joni, ndi Sumayyah amene amaphunzitsa ku Machinjiri.

Chimene a Hafizi ankachilakalaka moyo wawo wonse chinali kukachita Haji ku Maka. Ankachitchula kawirikawiri, mpaka anzawo kumsika anayamba kuwaitana kuti Alhaji mowaseka. Ana atakula n'kuyamba kudziimira, ulendo uja unatheka. Nthawi imeneyo n'kuti a Hafizi akumwa kale mankhwala a shuga ndi BP.

"Bambo a Majidi, bwanji tidikire chaka chamawa thupi likhaleko bwino?" anafunsa a Mwanamisi.

"Chaka chamawa thupi lidzakhala lokalamba kuposa lero," anayankha a Hafizi. "Tiyeni tizipita."

Anakwera ndege ku Chileka pamodzi ndi gulu la Asilamu ena a mu Blantyre. Onse awiri kanali koyamba kutuluka m'dziko muno. Ku Maka anapeza kutentha kumene sanakuonepo, kopambana kwa ku Nsanje mu Okutobala. A Hafizi anapirira. Anazungulira Kaaba, nyumba yopatulika ya pakati pa mzikiti waukulu, akulira ngati mwana, anakaima pachigwa cha Arafat ndi anthu ena onse. Tsiku lotsatira, ku Mina, kumene amuna ndi akazi amagona m'matenti osiyana, anagwa akuyenda. Anawatengera kuchipatala, ndipo madzulo ake shehe amene ankatsogolera gululo anabwera pakhomo la tenti ya amayi n'kupempha kuti a Mwanamisi atuluke.

"Mayi, limbani mtima. Mwamuna wanu Allah wamutenga pamalo abwino."

Munthu akamwalirira kumeneko amaikidwa komweko. A Mwanamisi anaswalira nawo maliro pakati pa khamu la anthu osawadziwa, kenako amuna ananyamula thupi n'kupita nalo. Manda sanawaone.

Kuyambira pamenepo chakudya chinawakanika. Amayi anzawo a gulu lija ankawabweretsera mpunga, nkhuku, zipatso, koma iwo akaika m'kamwa ankangomva ngati akutafuna nsalu. Ankamwa madzi ndi tiyi basi. Miyambo yotsala ya Haji anaimaliza atagwiridwa mkono.

Kutatsala masiku ochepa kuti abwerere, anakhala pansi pamthunzi kunja kwa mzikiti waukulu atatha swala ya masana, kuti apumule. Pambali pawo panadzakhala mayi wina wachikulire, wamfupi, wovala zoyera, ali ndi mwana wake wamkazi. Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapisa m'chikwama, natulutsa paketi yachikasu, naing'amba, n'kuwalozetsa.

A Mwanamisi anapukusa mutu. Mayiyo sanabweze dzanja. Poopa kumuchititsa manyazi mlendo, anatengapo kamodzi.

Kanali katchipisi ka mbatatesi kouma, kopyapyala, kokutidwa ndi ufa wachikasu wonona. Kukoma kwake kunali kwachilendo: mchere wambiri, mafuta a dzira, katsabola pang'ono, ndi kutsekemera kobwera pambuyo. Malovu anadzadza m'kamwa. Anatenga kena, n'kutenganso kena. Pamene ankazindikira n'kuti paketi yatha, zala zawo zili chikasu. Apo ndi pamene analira, kulira kumene kunawakanika tsiku la maliro. Ankachita manyazi kuti chinthu chawakomera amuna awo asanathe ndi sabata yomwe m'manda. Mayi uja anangowagwira bondo.

Mwana wa mayiyo ankadziwa Chingerezi, ndipo a Mwanamisi anali ndi chawo chochepa cha kupulayimale. Anamva kuti mayiyo dzina lake ndi Zuleikha, kwawo ndi ku Malaysia, ndipo nayenso ndi wamasiye. Anamvanso kuti ufa wachikasu uja umachokera ku mazira a abakha amene amawaviika m'madzi a mchere kwa milungu ingapo, mpaka chapakati cha dzira chilimbe. Posiyana, a Zuleikha anawapatsa mapaketi ena awiri. Sanapatsane manambala a foni, ndipo sanaonanenso.

Ku Chileka anatsika okha, ali ndi zikwama ziwiri. Kunyumba anthu anasonkhana ngati pamaliro, koma panalibe thupi loti alisambitse kapena manda oti akumbe. Ena ankati a Hafizi ndi odala, ndipo a Mwanamisi ankavomera. Komabe Lachisanu lililonse, amuna akamachokera kumzikiti, iwo ankadzipeza akuyang'ana kumsewu.

Analowa eda, miyezi ija imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo osayendayenda. Paketi imodzi anaitsegula Sumayyah atabwera kudzawaona.

"Talawa ichi. Ndi chimene chinandibweza ine kuti ndiyambenso kudya."

Sumayyah analawa n'kukwinya nkhope. "Amayi, chikumveka dzira kwambiri. Inu chimakukomerani?"

"Chimandikomera."

Yotsalayo anaidya pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu patsiku, mpaka inatha. Majidi anafunafuna m'mashopu a ku Limbe ndi a ku Joni koma sanachipeze. Ndiye a Mwanamisi anaganiza zoyesa okha. Anagula mazira a nkhuku, nawaika m'ndowa ya madzi a mchere, navindikira. Mchere unachepa. Atatsegula patapita mwezi, fungo linafika mpaka kwa aneba, ndipo anakakwirira zonse kuseri kwa bafa.

Mmodzi wa aneba amene anamva fungolo anali a Doris Nyirenda, namwino wochokera ku Rumphi amene ankachita lendi nyumba yoyandikana nayo. Anthu awiriwa ankangopatsana moni kwa zaka zambiri, wina wa kumzikiti, wina wa kutchalitchi. Tsiku limenelo a Doris anasuzumira pampanda.

"Amama, kwafa chiyani kumeneko?"

A Mwanamisi anaseka, koyamba chibwerereni, n'kuwafotokozera nkhani yonse. A Doris anamvetsera mpaka kumapeto. Anali ndi abakha angapo kuseri kwa nyumba yawo, ndipo mawa lake anabwera ndi mazira m'mbale.

"Muthire mchere mpaka ukane kusungunuka," anatero. "Kwathu nyama timaisunga choncho."

Ulendo uno zinatheka. Ataswa dzira loyamba anapeza chapakati chili cholimba, chofiirira ngati dzuwa likamalowa. Sumayyah anawapezera pafoni kanema wa kaphikidwe kake. Ankaphika zapakatizo panthunzi, kuzinyenya ndi foloko, kuzikazinga m'majarini ndi tsabola ndi masamba onunkhira a mtengo wa kale wothira m'ndiwo, kenako n'kusakaniza ndi chinangwa chodula mopyapyala chimene akazinga kale. Sichinafanane kwenikweni ndi cha a Zuleikha. Chinangwa chimalimba kuposa mbatatesi, ndipo kutsekemera kuja sanakupeze. Koma a Doris anadya mbale yonse ataimirira.

Si onse anakondwa nazo. A Wahabu, mkulu wawo wa a Hafizi, amene anatenga shedi ija kumsika, anabwera tsiku lina n'kuwapeza akukazinga, wailesi ikulira. Anakana mpando.

"Alamu, anthu akulankhula. Akuti nyumba ino sikuoneka ngati muli chisoni. Mng'ono wanga wapita dzana lomweli, inu muli kalikiliki ndi zokometsera pakamwa."

A Mwanamisi anaphula chiwaya pamoto n'kupukuta manja.

"Alamu, inu amayi anu akakusowani mumapita kumanda kukalimira udzu. Ine ndilibe kopita. Tsiku limene ndinadya ichi ndinali pafupi ndi pamene anagona mng'ono wanu, ndipo ndi tsiku limene ndinamulira. Ndikachiphika ndimakhala ngati ndafikako. Anthuwo muwauze zimenezo."

A Wahabu anatsanzika n'kumapita. Patapita milungu iwiri anatumiza chiwaya chatsopano, chachikulu, chokhoma okha, chokhala ndi zogwirira mbali zonse. Nkhani ija sanaitchulenso, ndipo tchipisicho mpaka lero sanachilawe.

Eda itatha, a Mwanamisi anabwerera pamakina, koma maso anali atayamba kuchita khungu, ulusi sunkalowanso pasingano. Pang'ono ndi pang'ono kusoka kunatha, kukazinga n'kutenga malo. Amamanga tchipisicho m'timapepala tapulasitiki n'kuika patebulo pakhonde pomwe panali makina. Ogula si ambiri. Ana asukulu amakonda zotsekemera, ndipo ena akangomva kuti muli dzira la bakha amabweza dzanja. Koma alipo amene anazolowera: makondakitala awiri a minibasi za ku Chirimba, mlonda wina wa pachigayo, ndi amayi oyembekezera amene amatuma amuna awo kuchokera ku Chilomoni. Kukagwa maliro m'dera lawo, a Mwanamisi amadikira anthu abalalike, n'kupita kwa wofedwayo ndi kambale kovindikira. Ena amadya, ena amangothokoza n'kupatsa ana.

Chaka chatha a Doris anapuma pantchito n'kubwerera ku Rumphi. Katundu anakwana m'lole, koma abakha anasowa malo, ndiye anawasiya kwa a Mwanamisi. Bwalo la nyumbayo ndi laling'ono, ndipo nthawi ya dzinja abakhawo amalisandutsa matope okhaokha. Majidi wanena kangapo kuti awagulitse, azigula mazira kumsika. A Mwanamisi amayankha kuti aganizira. M'mawa uliwonse akatha swala amatuluka ndi ndodo yawo, kutsegula khola, n'kuyamba kufufuza mazira m'maudzu ndi dzanja, chifukwa bakha saikira malo amodzi.