Dothi Limene Mayi Anasamuka Nalo

Ndikukumbukira chaka chimene tinasamuka ndi dothi. Anzathu ankakweza mbuzi, mitondo ndi mphasa m'malole. Ife tinanyamula dothi.

Mudzi wathu unali pamene lero pali City Centre. Kunali kwawo kwa mayi. Bambo anali mkamwini. Boma litanena kuti pamenepo pamangidwa likulu, abale athu anapatsidwa malo kutali. Ife sitinapite nawo. Bambo anali atapeza ntchito yosamalira maluwa ku Area 11, kwa bwana wina wa ku Rumphi wogwira ntchito m'boma. Choncho anapeza kamalo kufupi ndi Old Town, potsetsereka potsikira kumtsinje wa Lilongwe. Ine, Lufeyo, mwana woyamba, ndinali ndikadali ku pulayimale.

Malowo anali oipa. Katondo yekhayekha, wouma gwa, woti khasu linkachita kunjanja. Mayi anaponda ndi chidendene, n'kuyang'ana bambo.

"Apa ndidzale chiyani, bambo a Lufeyo? Miyala?"

Bambo sanali munthu woyankhayankha.

Mayi ananena chinthu chimodzi: sachoka kumudzi popanda dothi la kuseri kwa nyumba yawo, pafupi ndi dzala. Linali lakuda bii, la phulusa ndi manyowa a zaka zambiri. Koma nkhani sinali chonde chokha. Pamenepo ndi pamene anakwirira michombo ya ana awo: wanga, wa mng'ono wanga Yohane, ndi wa mlongo wathu Esinati amene anamwalira asanayambe kuyenda. Manda sakanatha kuwanyamula. Dothi akanatha.

Amalume analituta pangolo n'kumalikhuthula pamsewu, kumtunda. Kuchoka pamenepo inali ntchito yanga. Bwana wa ku Rumphi uja anatibwereka wilibala, ndipo chilimwe chonsecho ndikaweruka kusukulu ndinkalitsitsa kumunsi. Wilibalayo inkalira ngati nkhumba yomangidwa. M'manja munatuluka matuza, n'kuphulika, n'kuuma. Fungo la dothilo ndimalimvabe, la phulusa lonyowa ndi makoko a mtedza owola. Anyamata a m'tauni ankandikuwiza.

"Lufeyo, kwanu mumadyera dothi?"

Mmodzi ndinamugwetsera m'ngalande. Enawo analeka.

Dothi pamalo otsetsereka silikhala lokha. Bambo anali ataona amisiri akumanga makoma a miyala otchinga dothi m'minda ya maluwa ya ku Area 11, ndipo anati nawonso amanga. Anatola miyala kumtsinje, n'kumanga khoma lopingasa malo athu, lofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Anamanga ndi matope. Simenti anangopaka pamwamba. Kuseri kwa khomalo anathira timiyala ting'onoting'ono, kenako dothi la mayi. M'munsi mwake anazika tizidutswa ta nsungwi zoboola, todutsa khoma lonse.

Ndinafunsa ntchito ya nsungwizo.

"Khoma lili ngati munthu," anatero. "Likamwa, liyenera kutaya madzi."

Anauza ine. Mayi sanawauze. Masiku amenewo mwamuna sankafotokozera mkazi za khoma, monga mmene mkazi sankafotokozera mwamuna za mtondo.

Mvula yoyamba itagwa, tinaona zodabwitsa. Tisanadzale kanthu, m'dothi muja munamera bonongwe, chisoso, luni, ngakhale dzungu. Mbewu zinabwera zokha kuchokera kumudzi. Mayi anagwada n'kumazigwiragwira. "Mudzi wanditsata," anatero. Chisamukire ndinali ndisanawamve akuimba. Tsiku limenelo anaimba. Amayi oyandikana nafe, amene ankagula ndiwo kumsika, anayamba kubwera ndi timbale, ndipo mayi ankawathyolera monyada.

Koma panali chinthu chimene chinkawasowetsa mtendere. Mvula ikagwa, m'nsungwi zija munkatuluka madzi akuda. Mayi ankaima n'kumawayang'ana akutsikira kungalande.

Khirisimasi itayandikira, bwana wa ku Rumphi anapita kwawo kutchuthi, ndipo bambo anakagonera ku Area 11 kuyang'anira nyumba. Ine ananditumiza kwa amalume kukathandiza kupalira. Kwathu, mkazi wodzilemekeza amazira nyumba Khirisimasi isanafike. Mayi anazira m'nyumba, anazira pakhonde, tsiro n'kutsalako. Atayang'ana khoma lija anaona mabowo. Mkazi wa kwathu saona bowo pakhoma n'kulisiya. Anatenga zitsononkho n'kukhomera m'nsungwi zonse, n'kumata ndi tsiro, n'kuzira khoma lonse mpaka kusalala. Pamwamba anajambulapo mizere yoyera.

Ndinabwerako chaka chatsopano chitalowa, mvumbi uli mkati. Khomalo linali lokongola, sindinama. Koma mabowo panalibe.

"Amayi, bambo anati khoma liyenera kutaya madzi."

"Madzi? Linali dothi langa likuthawa, ndikuona ndi maso angawa. Bambo akowo adziwa chiyani za dothi la kwathu? Ndi obwera."

Mwana sankatsutsana ndi make. Ndinaponda m'mundamo, phazi n'kulowa mpaka m'kakolo. Ndinavala thumba kumutu, n'kuthamanga kukaitana bambo. Ku Area 11 n'kutali, koma sindinapume. Ndinawapeza akudulira maluwa pakhonde. Atamva za zitsononkho, anasiya sizasi pansi osatseka n'komwe.

Tinafika masana, mvula itakula. Khoma linali litatupa pakati ngati mimba. Mayi anali pansi pake, akumata mng'alu ndi manja. Bambo anatola chitsulo n'kuyamba kuboola pamene panali nsungwi. Imodzi inatseguka, madzi n'kuthovoka. Kenako tinamva miyala ikukukutana.

"Nabanda, chokani!"

Bambo anawakoka mayi padzanja. Khoma silinagwe ndi phokoso lalikulu. Linangogwada, ngati ng'ombe yotopa. Dothi lonse linatsika ngati phala, bonongwe ndi maungu zili pamwamba, kulowa m'ngalande, ulendo wa kumtsinje.

Mayi anathamangira beseni. Analowa m'ngalandemo n'kumakokolola matope ndi manja. Ine ndi Yohane tinawathandiza. Zimene tinapeza zinali zosakanizika ndi katondo, zofiirira, zopanda fungo lija. Bambo anaima pamvula, chitsulo chili m'manja.

"Bwenzi mutandifunsa," anatero.

Mayi sanatukule mutu. "Bwenzi mutandiuza."

Sindinawamvenso akukamba za nkhaniyi mpaka imfa yawo.

Mvula itadukiza, ine ndi bambo tinapita kumudzi wakale ndi wilibala kuti mwina tikapeza lotsala. Tinapeza akatapila atasalaza ponseponse. Panalibe dzala, panalibe mtengo wa mango woti n'kutiuza pamene panali nyumba. Tinabwerera wilibala ikulira yopanda kanthu.

Bambo anamanganso khoma, lolimba kuposa loyamba, n'kuthiramo dothi la kudambo. Mpiru unkakula bwino. Mayi ankathirira, ankapalira, koma ankati "munda wa bambo ako". Sanaimbemonso.

Sukulu sindinapite nayo patali. Ndinakhala mmisiri wa makoma omwewa. Ndamanga ku Area 9, ku Area 11 ndi kwina konse kumene kuli mabwana ndi malo otsetsereka. Palibe khoma langa limene linagwapo. Amene akutsutsa akandisonyeze. Nsungwi tinaleka, timaika mapaipi. Koma ndikamaliza sindichoka ndisanaitane mayi wa pakhomopo. Ndimawaimika pansi pa khoma, n'kuwasonyeza bowo lililonse, n'kuwauza ntchito yake. Ena amaseka, amati madala awa ngolongolola. Amene amandidziwa amadabwa, chifukwa ine ndinatengera bambo, sindiyankhula zambiri. Pa mabowo pokha ndimayankhula.

Masiku ano dothi amaitanitsa pafoni. Lole imabwera n'kukhuthula, mwini nyumba osafunsa n'komwe kuti lachokera kumudzi kwa yani. Ena safuna dothi. Amayala njerwa za simenti bwalo lonse kuti galimoto isadetsedwe, kenako amadabwa madzi akalowa m'nyumba. Ana amabadwira kuchipatala, ndipo za michombo palibe amene amafunsa.

Chaka chatha mdzukulu wanga wamkazi anapatsidwa ntchito kusukulu yoti alembe za kumudzi kwawo. Ndinakwera naye minibasi mpaka City Centre, n'kumuimika pamalo oimikapo magalimoto, pafupi ndi banki ina. Ndinati mwina ndi pano. Mlonda anatiuza kuti tisuntheko, bwana akufuna kuimika galimoto.

Pobwerera tinatsika ku Old Town n'kuwoloka mtsinje wa Lilongwe pamlatho wa anthu oyenda pansi. Inali nthawi ya mvula, mtsinje uli wofiira.

"Ndiye kwanu kwenikweni n'kuti, agogo?" anafunsa.

Ndinamulozera madziwo.