Tsiku Limene Ndinaimirira ndi Anamwino

Sukulu yathu inali ndi mwezi wake wodzionetsera, mwezi wa Okutobala. Jakaranda wa m'mbali mwa msewu wolowera pageti amakhala atachita maluwa, mitengo ina itaphukira timasamba tofiira, phiri lili mbuu ndi utsi wa moto wolusa. Ana a fomu wani ankapaka laimu mwala uliwonse umene wapezeka pabwalo. A fomu folo ankakwera phiri mpaka ku Chambe ndi aphunzitsi a jogalafe n'kubwerako akutsimphina koma akudzitama. Sabata yonse kunkakhala mpira, makwaya ndi gule wa tchopa, ndipo zonsezi zinkathera pa Loweruka lalikulu, tsiku la ophunzira akale, pamene makolo nawonso ankaloledwa kulowa.

Sukuluyo ndi yapulayiveti, yogonera komweko, ndipo si ya ana a anthu onga ife. Ine ndinalowamo chifukwa mayi anga anagulitsa munda wawo wa tiyi, umene anawasiyira amayi awo. Ndinakhoza bwino, ndisaname. Ndinapita kukoleji, ndinaphunzira unamwino zaka zitatu, dipuloma ndinatenga. Ili mujumbo pansi pa sutikesi, ndipo imatuluka kokha pakamveka za intavyu. Ndakhala ndikufola pa maintavyu amenewo mpaka nkhope za ofola anzanga ndinaziloweza. Pakati pa intavyu ndi intavyu ndimagulitsa nthochi ndi mapeyala pamawindo a minibasi pa Chonde. Poyamba ndinkati n'zongoyembekezera. Tsopano makondakitala onse amandidziwa, ndipo mawu amenewo ndinasiya kuwanena.

Kwa zaka zingapo tsiku la ophunzira akale ndinkalizemba. Koma chaka china mnzanga amene tinkagona naye bedi losanjikizana kuhositelo anandikakamiza pafoni, nati adzanditenga pagalimoto yake. Ndinamuuza kuti andipeze pasiteji, osati pamsika. Ndinachapa nsapato zanga zoyera zakukoleji, ndinasita diresi, ndinakhula zikhadabo kuchotsa utomoni wa nthochi. Chilungamo chake n'chakuti ndinkafuna kukhalanso tsiku limodzi lokha mtsikana uja amene aphunzitsi ankamuloza pa asembule kuti ena atengerepo chitsanzo.

Pali mwambo wina pa tsikuli umene ndinkaukonda ndili mwana, osadziwa kuti udzanditembenukira. Ophunzira akale amakhala kutsogolo m'holo, ana kumbuyo, makolo m'mbali. Ahedi amaitana ntchito imodziimodzi. Akati madokotala, madokotala amaimirira, ana n'kuwomba m'manja. Akati maloya, chimodzimodzi. Aphunzitsi, a kubanki, mainjiniya. Pamapeto pake gulu lililonse limatuluka kukakhala pansi pa mtengo wake, ndipo mwana aliyense amatsatira gulu la ntchito imene amailakalaka. Palibe mtengo wa anthu amene akungokhala. Ndikukhulupirira kuti amene anayambitsa mwambowu sanaganizepo kuti sukulu yotere ingatulutse munthu wotero.

Ndinali nditakonza zoti ndiimirire ndi amalonda, amene amaitanidwa komalizira. Koma nditawayang'ana amalonda a pasukulu yathu, mtima unagwa. Wina ali ndi malole, wina ali ndi malo ogona alendo kuboma. Ndikanaimirira nawo akanandifunsa dzina la kampani, ndipo lichero langa lilibe dzina. Ndiye ahedi atati, "Anamwino athu ali kuti?" miyendo inangondinyamula. Tinaimirira anayi. Ndinadziuza kuti sindikunama, pepala ndili nalo. Ana anawomba m'manja, ndipo ndikuvomera kuti zinandikoma kwambiri.

Pansi pa mtengo anamwino anzanga atatu aja analankhula za mashifiti ndi za odwala ovuta. Ine ndinalankhula za kukoleji, popeza n'zimene ndinkadziwa, ndipo palibe anazindikira kuti nkhani zanga zonse zikuthera pa tsiku lolandira dipuloma. Panali mtsikana wina wa fomu folo, wochepa thupi, yunifolomu yake yosuluka koma yositidwa mwakhama. Chilichonse chimene ndanena ankalemba m'kope. Anandiuza kuti kwawo n'ku Milonde, ndipo atamva kuti makolo anga anali olima tiyi, maso ake anawala. Enawo anali ana a mabwana, ine ndiye ndinali umboni wake. Anathamanga kukaitana bambo ake.

Bambowo anabwera akukankha njinga, popeza ankaopa kuisiya pageti. Anali atavala jekete pa dzuwa limene lija. Anavula chipewa, nandipatsa moni ndi manja awiri, ine mwana woti akanatha kundibereka. Kenako anamutuma mtsikanayo kuti akawatungire madzi akumwa, ndipo nditaona mmene anamuperekezera ndi maso, ndinadziwa kuti pali nkhani.

"A sisita, pepani ndikuchedwetseni pang'ono," anatero. "Ine sukulu sindinapite nayo patali. Mwanayu wafika apa ndi tiyi wa m'munda mwa mayi ake, koma chaka chino zakanika. Tikuganiza zoti mundawo upite kuti amalize pompano, zikatheka afikenso kukoleji. Koma alamu anga, amalume ake a mwanayu, akukanitsitsa. Akuti munda sutha, sukulu imatha. Akuti timuchotse akamalizire ku sukulu yoyendera."

Ndinangoti, "Eya, bambo."

"Ndiye ndati ndifunse inu amene mwadutsamo, mwana wa olima tiyi ngati ife. Kodi sukuluyi imamufikitsadi munthu? Mukandiuza, ine ndikawauza alamuwo kuti ndaona ndi maso anga."

Ndakhala ndikuibwereza mphindi imeneyi kambirimbiri. Sanandifunse mondipanikiza. Panalibe wina amene akanamva yankho langa. Ndikanatha kuwauza kuti bambo, gwirani munda wanuwo, ine mayi anga pano amathyola tiyi wa eni ake ku esiteti ndi msana wowawa. Zikanangonditengera mawu ochepa ndi manyazi a tsiku limodzi pamaso pa munthu amene sindimamudziwa n'komwe. Koma ndinali nditaitanidwa kuti a sisita. Chichokereni kukoleji palibe anali atandiitanapo choncho, ndipo sindinafune kuti zithe msanga.

"Imafikitsa, bambo," ndinatero. "Bola mwana alimbikire."

Anandithokoza mpaka ndinachita kuyang'ana kumbali. Mtsikanayo atabwera ndi madzi, anandipempha nambala, ndipo ndinamulembera m'kope muja. Madzulo ake ophunzira akale tinasewera mpira wamanja ndi ana, anatigonjetsa mochititsa manyazi, tonse tikuseka ndi kupuma mwawefuwefu. Tinadya mpunga wa nkhuku. Mnzanga uja anandisiya pasiteji pomwe anandipeza, ndipo m'mawa mwake ndinali pamawindo.

Ana saloledwa kukhala ndi foni pasukulupo, koma Lamlungu masana ameturoni amawabwereka yawo. Mtsikanayo anayamba kundiimbira. Ankafunsa za bayoloje, za mmene mtima umapopera magazi, ndipo apa pokha ndiye ndinali namwino weniweni, chifukwa zinthuzo ndimazidziwa. Foni ikalira ndinkasiyira mnzanga lichero n'kuthamangira kuseri kwa magolosale, kuti asamve makondakitala akukuwa za Limbe. Tsiku lina anandifunsa kuti phokosolo n'lachiyani. Ndinamuuza kuti ndili panja pa chipatala. Kangapo ndinatsimikiza mtima kuti lero ndimuuza, ndimutume akawauze bambo ake asanachite chilichonse. Nthawi zonse ndinkapeza chifukwa chodikirira Lamlungu linalo. Za munda sindinamufunsepo, poopa yankho.

Mvula inagwa, inatha. Kunayamba kuzizira, chiperoni chikutsika m'phiri m'mawa uliwonse, mayeso a fomu folo atatsala masabata ochepa. Tsiku lina minibasi yochokera kuboma inaima, tonse tinaithamangira monga mwa masiku onse. Pa ntchito imeneyi suyang'ana nkhope, umayang'ana manja, kuti ndani akupisa m'thumba. Ndinakweza lichero pawindo lakumbuyo ndikukuwa kuti nthochi zokoma, nthochi zakupsa. Munthu wapawindopo sanapise m'thumba ndipo sanakane. Nditakweza maso ndinaona jekete lija.

Ndikanatha kuthawa, koma ndi lichero pamutu munthu suthawa. Bambowo anapempha anzawo kuti awapatse njira, anatsika, kondakitala akuwakalipira kuti akuchedwetsa anthu. Minibasi inapita. Anaima patsogolo panga, navulanso chipewa, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa mbama.

"A sisita," anatero. "Mwaswera bwanji?"

Ndinayankha moniwo. Ndinatsitsa lichero n'kuliika pansi. Akanandilalatira pamsika ponse ndikanapepukidwa, chifukwa kuyankha mwano ndimatha, pa Chonde pandiphunzitsa. Koma iwo ankangoyang'ana nthochizo, kenako chitenje changa, kenako mapazi anga.

"Mwina lero muli pa ofu?" anafunsa, kundipatsa khomo loti nditulukire.

"Iyayi, bambo. Ntchito yanga ndi imeneyi. Unamwino ndinaphunziradi, koma sindinalembedwepo."

"Chimalizireni?"

"Chimalizireni."

"Nanga anzanu amene munali nawo kukolejiko?"

"Ena anapeza. Ambiri ali ngati ine."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akumva za maliro a kutali. Ndinalimba mtima n'kufunsa za munda. Anati unapita Khirisimasi isanafike. Alamu awo anavomera atamva kuti bambowo analankhula ndi namwino wochokera pasukulu yomweyo, mwana wa olima tiyi. Panopa mayi a mtsikanayo akuthyola ku esiteti, ndipo iwo anali pa ulendo wa ku Limbe, kumene anamva kuti kukufunika alonda. Ananena zonsezi mosakweza mawu, mongondidziwitsa.

Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja kuti ndisiye. Sikuti anandikhululukira. Ndinaona kuti analibe nthawi ya zimenezo, mutu wawo unali kale pena.

"Chimodzi chokha ndikupempheni, mayi," anatero. Dzina la usisita linathera pamenepo. "Mwana asamve. Mayeso ali pafupi, ndipo iye amawerenga chifukwa cha inu. Akafooka pano ndiye kuti munda wapita, sukulunso yapita. Mupitirize kulankhula naye monga mumachitira. Alembe kaye."

Ndiye kuti bodza limene ndinalinena chifukwa cha manyazi anga, tsopano ndinali kupemphedwa ndi munthu amene linamutayitsa munda kuti ndilisamale. Ndinavomera. Ndikanatani? Koma pakamwa pangapa sipamva, ndinafunsabe.

"Nanga akalemba, bambo?"

Anayang'ana kumsewu. Minibasi ina inali ikubwera, anzanga atayamba kale kuithamangira.

"Akalemba, adzafuna kupita kukoleji imene munapita inuyo," anatero. "Ndipo ine ndilibenso munda wina."

Anavala chipewa, nakwera. Ine ndinatsala chiimire pomwepo, lichero lili pansi, mpaka mayi wina wogulitsa nzimbe anandikuwira kuti ndichotse katundu wanga panjira.