Thobwa la Alamu ndi Mpweya wa a Boaventura

"Alamu, mwandiphera mwamuna ndi thobwa! Inu nomwe, mlongo wake!"

Ameneyo anali Yolanda, pakhomo pa a Anabela ku Moatize, chitenje atamanga m'chiuno ngati akukazima moto. Anthu anathamanga kudzaonera, ena sopo ali kumaso.

Yolanda wa ku Zóbuè ndani sam'dziwa? Nkhondo itatha anabwerako ku Malawi ndi chiwaya chimodzi komanso mwamuna mmodzi, ndipo zonsezo wazisunga mpaka lero. Amakazinga nkhuku pamalire. Madalaivala amanenepa ndi dzanja lake mpaka mimba kugunda chiwongolero, koma mwamuna wake, a Boaventura, ayi ndithu. Akadya chamafuta chimangodutsa ngati chili ndi pasipoti. Munthu anatsala mafupa okhaokha. Atakafunsira ulonda kumgodi wa malasha, kapitawo anati adzabwerenso mphepo ikadzasiya kuwanyamula.

Ndiye kuchipatala china ku Tete kunabwera madotolo ndi kayezedwe kachilendo. Ankakayikira kapamba, kachiwalo kothandiza kugaya mafuta. Singano ayi, mpeni ayi. Umadya pau, buledi uja, wopaka mantega, ndiye batala, yothira chizindikiro, n'kumauzira mpweya m'timabotolo mpaka dzuwa kupendeka. Mafuta akagayika, chizindikirocho chimatulukira mumpweya. Chikapanda kutuluka, kapamba watopa, amakupatsa makapisozi ogayira chakudya. Yolanda ankawalota makapisozi amenewo: mwamuna wonenepa, mwamuna wa yunifomu!

Namwino anachenjeza kuti kuyeza kusanafike, chimanga ndi nzimbe asakhudze, poti zimatulutsa chizindikiro chofananacho, ndipo tsikulo abwere m'mimba muli pululu. Yolanda anawadyetsa bambowo chinangwa ndi mbatata mpaka anayamba kulira kuti akugona ndi njala. Kenako anawakweza chapa, minibasi ya kuno, kuti akagone kwa mlongo wawo ku Moatize, poti Tete ali pafupi.

Koma kwa a Anabela mlendo sanyamuka kukhosi kuli gwaa! Chikho choyamba cha thobwa chotsukira m'kamwa, chachiwiri cha ulendo. Kukana n'kutukwana mlongo. A Boaventura anagugudiza zonse ziwiri, m'mawa wa tsiku loyezalo.

Zotsatira zitatuluka, ati kapamba wa a Boaventura ndi wa mnyamata, makapisozi alibe nawo ntchito. Ha! Bambo anavina pabwalo la chipatala lamba ali m'manja. Pamsika wa Moatize anadya nyama ya nkhumba yonona, yochucha, n'kumauza aliyense kuti mpweya wawo wakhoza mayeso. Chapa yobwerera ku Zóbuè anaiimitsa patchire lililonse, mpaka dalaivala anawasiya pa Nkondezi atagwirira buluku. Anafika kunyumba pa lole ya makala, akuyamikirabe thobwa la mlongo wawo kuti ndilo linawapatsa mphamvu zouzira. Yolanda atamva liwu loti thobwa, chiwaya anachisiya pamoto.

Ndicho chake anali pakhomo pa alamu, mwamuna atam'kokera komweko.

"Mumafuna achoke pano wouma kukhosi, anthu aziti Anabela ndi wouma manja?" a Anabela anabweza moto. "Achipatala anati osadya. Ndinawapatsa mbale ine?"

"Thobwalo mumaphika ndi mchenga? Si chimanga? Shuga munathirayo amakumba kumgodi?"

"Amake Lídia," a Boaventura analowererapo, kuuza mkazi wawo, ali chikhalire pa ndowa, "koma linali lokoma."

"Khalani chete inu, ngwazi youzira!" Yolanda anawakalipira.

Anthu anagwa n'kuseka. Yolanda sanaseke. Madotolo aja anali atayamba kulongedza timabotolo tawo, ndipo akapita, makapisozi apita, yunifomu yapita. Pamsewu chapa ya ku Tete inali kuliza hutala.

"Valani nsapato, alamu. Chikho chija munyamule. Mukaime pamaso pa dotolo, mukanene ndi pakamwa panu chimene munathira m'mimba mwa mlongo wanu, amuyezenso. Apo ayi, mundiyankhe pompano, anthu onsewa akumva: mafupa awa awanenepetsa ndani?"