Zipupa za a Bizwick

A Bizwick Namakhwa anali kalipentala wosakhoma msomali. Anthu ankawaseka kuti ndi oumira, koma ine amene ndinakhala nawo moyandikana zaka zambiri ndikudziwa kuti nkhani sinali mtengo wa misomali.

Anabadwira m'malaini a esiteti ya tiyi, makolo awo atachokera ku Mozambiki kudzathyola masamba. Kumalaini nyumba si yako, ndi ya ntchito. Bambo awo atadwala chifuwa n'kulephera kusenza dengu, kapitawo anawatulutsa mvula ikugwa, ndipo banja lina linalowa moto wawo usanazime. Nkhaniyi a Bizwick ankaikamba mosaseka, n'kumaliza ndi mawu omwewo nthawi zonse: "Nyumba yabwino ndi yoti akakuthamangitsa uinyamule."

Anakwatira a Enifa, mwana wa m'mudzi mwathu kuseri kwa Chitakale, nabwera kudzakhala chikamwini. Malo kwathu kuno ndi ochepa. Uku tiyi, uku msewu, pakati anthufe tathithikana ngati nthochi pamkoko. A Enifa anapatsidwa kamalo koti mbuzi yomangirira ikhoza kukamaliza tsiku limodzi.

Pamenepo a Bizwick anaonetsa luso lawo. Ankatola matabwa otsala kwa ocheka m'phiri ndi mabokosi akale a tiyi, n'kupanga zipupa zonga zitseko zikuluzikulu, zonse msinkhu umodzi, zoyezedwa ndi ndodo yansungwi imene sankabwereketsa. Zipupazo ankazilumikiza kunsanamira ndi zikhomo zamtengo. Ukagogoda chikhomo, chipupa chachoka. Anayamba ndi chipinda chimodzi. Mwana akakula, ankapanga zipupa zitatu zokha, chachinayi n'kubwereka ku chipinda choyambacho. Motero nyumba inakula mbali zonse, chipinda chawo chili pakati, khomo lake lokha likuyang'ana pabwalo.

Tcheyamani wachipani atabwera ndi ayufi, anyamata achipani aja, kudzaona makadi aumembala, anaizungulira nyumbayo n'kunena kuti ndi khola la nkhunda. A Bizwick anangoonetsa khadi lawo, nawerama. Chaka chisanathe tcheyamani yemweyo anawatumizira uthenga kuti akamuwonjezere chipinda cha mkazi wachiwiri. Ngakhale ine chipinda chimene ndimagona ndi cha manja awo, ndipo sichinadonthepo.

Amayi ena ankawanena a Enifa pamtondo kuti asamale, mwamuna womanga nyumba yomasula ndiye kuti mtima uli panjira. "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka," ankatero. Bodza lenileni. Munthuyo anakhala ndi mkazi wake mpaka imvi, moŵa osaulaŵa, ndipo amuna a onenawo ndi amene anaterereka.

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, anthu anakhamukira kuno. Mwa iwo munali a Pilato, mchimwene wa a Enifa, amene anakwatira kutsidyako kalekale. Anafika ndi mkazi ndi ana asanu, mmodzi ali ndi bala la chipolopolo pantchafu. Ankagona m'khitchini, ena pakhonde. Malo owonjezera chipinda anali atatha. Chaka chomwecho a Enifa anadwala m'mimba, tinawatengera kuchipatala cha Mishoni, ndipo sanabwereko amoyo.

Titameta maliro, abale a malemu anakhala pansi kuti awasudzule a Bizwick monga mwa mwambo. Mkazi akafa, mkamwini amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Ana ndi malo ndi za kuchikazi.

"Alamu, mwatisungira mlongo wathu bwino," anatero a Pilato, maso ali pansi. "Tsono takumasulani. Mukhoza kupita kwanu."

"Kwathu kuti, alamu?" anafunsa a Bizwick. "Kumalaini? Chipinda chimene ndinabadwiramo mwalowa mabanja osaŵerengeka."

Ndinakwiya tsiku limenelo, ndipo ndikadali wokwiya, koma sindikudziwa woti ndimukwiyire. A Pilato sanali munthu woipa. Anali ndi ana ogona pamame. Joice, mwana woyamba wa a Bizwick, analira, koma pamaso pa malume ake akanati chiyani? Kukadandaula kwa akuluakulu kunalinso koopsa. Masiku amenewo munthu wopanda mudzi, wa makolo a kutsidya, akanangolozedwa chala kuti si wakuno, n'kukwezedwa lole ya kumsasa wa othaŵa nkhondo.

"Chabwino," anatero a Bizwick. "Nditenga chipinda changa chokha. Zipupa zinayi ndi malata ake. Ndikapempha pokhomera kwinaku."

Zimenezi ndi zimene anakonzekera moyo wawo wonse. M'maŵa mwake ndinawaona atagwira nyundo yawo yamtengo, nsungwi yoyezera ataitsamiritsa pakhomo. Ndinapita kukawathandiza kutulutsa mphasa ndi ziwiya. Anagogoda chikhomo choyamba, chachiwiri, chachitatu. Chipupa chinapendama, ndipo kuseri kwake tinaona mkati mwa chipinda cha Joice. Adzukulu awo atatu anali chigonere pamphasa, atafunda chitenje chimodzi. Mphepo yozizira ya chiperoni inaloŵa, wamng'onoyo anayamba kutsokomola.

A Bizwick anayang'ana chipupa cha kumanzere, chimene chinalinso cha mwana wawo wina, ndi cha kumbuyo, chimene chinatchinga kogona anyamata. Mwa zipupa zonse, chawo chenicheni chinali chakhomo chokha. Zinazo anali atabwereketsa kale kwa ana awo, chimodzichimodzi, iwo eni osazindikira.

Anakankha chipupa chija kubwerera m'malo mwake, nakhomanso zikhomo. Anatenga bulangeti ndi nsungwi ija, basi. Pofika masana, ana a a Pilato anali atalowa m'chipindamo.

Anapeza ntchito yaulonda pagolosale ina pa Chitakale, kogona kwawo kuli pakhonde lomwelo. Joice ankawapititsira chakudya. Ine ndikamapita kukagulitsa nanazi ndinkawapeza akuwothera dzuŵa. Ndinawapempha adzakhale kwathu, anakana. Anati sakufuna kuti anthu andinene.

Anatha chaka chimodzi chokha. Mu Juni, kuzizira kutafika poipa, mwini golosale anawapeza m'maŵa atamwalira pakhonde, nsungwi yawo ili pambali.

Matabwa a bokosi la maliro anasoŵa. Joice sanafunse malume ake kapena wina aliyense. Analoŵa m'chipinda chake, natenga mwala, nagogoda zikhomo za chipupa chomwe chija bambo ake anabwezera. Amuna anachinyamula kupita nacho pansi pa mtengo wa mango, nachicheka. Muyeso wake unawakwana a Bizwick bwinobwino.

Pamene panali chipupacho Joice anapachikapo masaka. Anthu angapo anadzipereka kuti amukonzere china, koma iye anakana. Masakawo akatha amapachika ena, ndipo chiperoni chikabwera, mphepo imaloŵa m'zipinda zonse ziŵiri.