Mawu a mayi anu sindinawamve

Ana inu, ndine bambo wanu. Werengani bwino.

Lero m'mawa ndatulutsa kaseti ya Khirisimasi ija, ya kwaya yathu ya ku Thambani, yomwe anajambula mayi anu akadali moyo. Mukudziwa, Disembala akangolowa ndimayiika ndine. Mabatire ndagula atsopano.

Pa nyimbo yachitatu paja amayamba azibambo, kenako mayi anu amakwera okha ndi kamawu kawo kakang'ono kaja. Azibambo ndawamva, ng'oma ndayimva. Pofika pa mayi anu, zii!

Ndabweza katatu, ndakweza mpaka kumapeto, ndayikalipira wailesi. Kenako atulukira a Nabanda oyandikana nafe, akuti, "Achimwene tsitsani, mutiboola makutu! Koma alamu anga ankayimba, tamvani mmene akukwereramo." Iwo misozi chuchuchu, ine osamva kanthu.

Ine munthu woyitana mudzi wonse popanda chimkuzamawu, ndangozimitsa wailesi! A Nabanda sindinawauze.

Ndiye kaseti ilibe mlandu, ndi makutu angawa. Chisomo, iwe uli ku Blantyre, kuchipatala amatsegula makutu a munthu wamkulu ngati ine? Nonse yankhani, musandinamize. Ngati akutsekeka ndithu, ndikufuna ndiwamveko mayi anu kamodzi kokha.