Mphuno ya a Dunstan

A Dunstan Chiwaula anabwera ku Nairobi kudzaphunzira za mahotela, koma sukuluyo sanaimalize. Anapeza ntchito yonyamula makatoni ku Industrial Area, pakampani ina yoitanitsa mowa kunja.

Tsiku lina botolo linasweka mkati mwa katoni. Asanatsegule n'komwe, iwo anauza bwana wawo, mayi Perpetua, kuti, "Losweka ndi la wiski wonunkhira utsi uja." Atatsegula, zinalidi choncho. Mayiwo anawamanga kansalu m'maso n'kuwayesa ndi matambula asanu, ndipo sanaphonye ndi imodzi yomwe.

Kuyambira pamenepo ankavala jekete, kuyenda m'mahotela kukalawitsa anthu wiski wa kampaniyo. Ankafotokoza kuti wiski ameneyu ndi wa chimera cha balere chokhachokha, wotchezedwa pamalo amodzi ku Scotland, ndipo chimeracho amachiumitsa ndi utsi wa dothi lakuda la m'dambo.

"Musathamangire kumeza, si kachasu uyu," ankatero. "Ayezi ayi. Donthezerani timadzi, mudikire kaye. Nunkhizani kukamwa kuli kotsegula pang'ono. Mwamva phula? Mwamva mchere? Kutsekemera kukubwera pambuyo."

Ntchitoyi anaigwira zaka zisanu ndi zinayi, mpaka anapeza nyumba yabwino ku Utawala.

Mu 2021 anadwala korona, ndipo anachira patatha milungu iwiri. Koma tsiku lina akazi awo, a Lenah, anapsereza nyemba, nyumba yonse utsi tolo, iwo ali phee pampando.

"Bambo a Yewo, simukumva kupserera?"

Sanamve fungo lililonse.

Adokotala anati fungo lidzabwerera pakapita miyezi itatu, azingonunkhiza ndimu ndi khofi m'mawa uliwonse. Ananunkhiza chaka chathunthu, koma ayi ndithu. Kuntchito sanauze munthu. Mawu onse anali pamtima, choncho ankangowalakatula.

Zinaululika masana ena kuhotela, woperekera zakumwa atasokoneza matambula. A Dunstan anakweza tambula ya wiski wopanda utsi ngakhale pang'ono, n'kuyamba kutama utsi wake. Kasitomala wina ananunkhiza yake, anayang'ana mnzake, kenako onse anaphulika kuseka.

Ali m'galimoto pobwerera, mayi Perpetua anafunsa kuti, "Zinayamba liti?"

"Chaka chatha, bwana."

"Pole sana, pepani kwambiri, Dunstan. Koma mukudziwa nokha kuti ntchitoyi ndi ya mphuno."

Pano amalondera pageti la nyumba zina ku Syokimau. A Lenah anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Balaka, ati akakhazikika adzawaitana, koma foni zikubwera patalipatali. Chakudya chilichonse chimangokhala zii m'kamwa, moti lamba anabowola kale kawiri. Amalawi ena akawapempha kuti akawasankhire botolo la paphwando, amangoyankha kuti ali pantchito, sangachoke pageti.